Si Ntchito Zonse Zimamvera Wotchi

Ana anga ndi adzukulu anga, pali pepala limene ndimalipeza kawirikawiri ndikalowa m'zipinda zanu, makamaka chaka chikangoyamba kapena mayeso akayandikira. Mumalimata pakhoma ndi selotepi, mizere yake mutaijambula ndi lula mosamala. Kudzuka 4 koloko. Pemphero mphindi 10. Masamu mpaka 5:30. Kusamba mphindi 15. Limatsika choncho mpaka 10 koloko usiku, osasiya kampata ngakhale koyankhira moni. Ndikabweranso mwezi utatha, limakhala likadali pomwepo, m'makona mutapindika, fumbi litaderapo, mwini wake osafuna n'kuliyang'ana komwe. Ndikafunsa, yankho limakhala limodzimodzi: "Agogo, zidandikanika. Ine ndiye ndine waulesi basi."

Sindivomereza. Munthu waulesi sakhala pansi madzulo athunthu ndi lula m'manja kukonza za tsiku lake. Chidakanika ndi pepalalo, chifukwa mudalilembera munthu amene sadwala, amene kwawo sikugwa maliro, magetsi samuzimira, mayi ake samutuma kuchigayo, ndipo mlendo safika pakhomo pake. Munthu wotero sindidamuonepo kuno kwathu.

Pali anzanu enanso, ndipo awa ndiwo amandidetsa nkhawa kwambiri. Iwo amati, "Ine sindingakhale kapolo wa wotchi, ndimachita zinthu mtima ukafuna." Kodi mtima wawowo umafuna liti? Buku amati awerenga madzulo, madzulo akafika amati bola m'mawa mutu uli wozizira, kukacha foni yalira. Chaka chimatha choncho. Makolo adawaona kale anthu otere pamene adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Tsono musamve ngati ndikukuuzani kuti mung'ambe ndandanda n'kumangoyendera mphepo. Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti ntchito za tsiku si za mtundu umodzi. Zilipo zimene zili ndi nthawi yakeyake, nthawi imene simudaike ndinu ndipo simungaisunthe. Zilipo zina zimene nthawi yake mudangosankha nokha, ndipo mungathe kusankhanso. Ambiri amasokoneza ziwirizi: amaumitsa khosi pa zimene zikadatha kusuntha, n'kumanyengerera zimene sizidikira munthu.

Tiyambire kumunda, poti ambirife ndiko tidaphunzirira ntchito. Palibe mlimi wanzeru amene amalemba pakalendala kuti pa 15 Novembala ndidzabzala, zivute zitani. Chaka china mvula yobzalira imabwera Novembala ali pakati, chaka china imazengereza mpaka Disembala, ndipo ya ku Thyolo siyamba tsiku limodzi ndi ya ku Karonga. Wothamangira chizimalupsa, kamvula konyenga kaja kongoziziritsa fumbi, mbewu yake imapsera m'nthaka. Tsiku lobzala silikhazikika. Koma mvula yeniyeni ikagwa, nthaka n'kunyowa mpaka pansi, zokambirana zimatha. Ulendo wa kutauni, mpira wa pawailesi, kucheza kwa pamsika, zonse zimayamba zaima, banja lonse lili m'mizere ndi timbale ta mbewu. Kuchedwa ndi sabata imodzi kapena ziwiri kumadzaonekera m'nkhokwe. Mmera mpoyamba. Udzu nawo sudikira kuti mtima wanu ufune: mukaulekerera m'masabata oyambirira umalanda chakudya cha chimanga, ndipo ngakhale mudzapalire bwanji pambuyo pake, chimanga chonyozoloka chija sichibwereranso mwakale. Feteleza wokulitsa ali ndi nthawi yake, pobzala kapena chimanga chikangomera, ndipo wobereketsa amatsatira patapita masabata atatu kapena anayi. Mukamuthira ngayaye zitatuluka kale, mwataya ndalama, ndipo mukudziwa nokha mmene thumba likugulidwira masiku ano.

Koma taonani mmene mlimi yemweyo alili womasuka pa zina. Kusosa, kuunga mizere, kututa manyowa, kukonza nkhokwe, zonsezi amazichita m'chilimwe, lero pang'ono, mawa pang'ono. Akadwala Lachiwiri amachita Lachinayi, palibe chawonongeka. Chachikulu n'chakuti mvula impeze atamaliza. Palibe anganene kuti munthuyu ndi wosalongosoka chifukwa choti alibe wotchi pamkono.

Pa mankhwala ndilankhula mosapsatira, chifukwa ndaperekeza kumanda anthu amene sakadayenera kutisiya msanga. Kuchipatala akakupatsani LA wa malungo, mankhwala amene dziko lathu lidayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, amakuuzani kuti mumwe kasanu n'kamodzi m'masiku atatu: koyamba pomwepo, kachiwiri pakatha maola 8, kenako m'mawa ndi madzulo masiku awiri otsatira. Maola amenewo sadawaike pofuna kukuvutitsani. Mankhwala amayenera kukhala okwanira m'magazi nthawi yonseyo kuti tizilombo titheretu. Ambiri amamwa tsiku loyamba ndi lachiwiri, thupi likazizira n'kusunga otsalawo pamwamba pa kabati kuti adzathandize tsiku lina, ndipo malungo amabwereranso. A TB ndi miyezi 6 osadumphitsa. Ma ARV ndi tsiku lililonse moyo wonse, makamaka pa nthawi yofanana, chifukwa kudumphadumpha kumapatsa kachilombo mpata wozolowera mankhwalawo mpaka osagwiranso ntchito. Apa ndiye ikani alamu pafoni. Mukamanyamuka ulendo wa kumaliro kapena kuukwati, botolo lilowe m'chikwama nsapato zisanalowe. Mukaiwala kumwa, musabise, funsani achipatala chochita.

Nthawi imene mwapangana ndi munthu wina nayo si yanunso nokha. Chizolowezi choti msonkhano wa 2 koloko uziyamba 4 koloko ena amachitcha chikhalidwe chathu, koma ine ndidakula pakati pa anthu amene akaitanidwa kudima ankafika m'munda wa mnzawo dzuwa lisanatuluke, ndipo wofika thobwa litatsala pang'ono kugawidwa ankachita manyazi. Wochedwa amadya nthawi ya mnzake amene adasiya ntchito zake kuti afike. Minibasi imadikira kuti idzaze, ndipo yatizoloweza kuganiza kuti zonse zimadikira. Ndege ya pa Chileka sidikira. Woyang'anira mayeso a MSCE sadikira. Inu amene mukupita kukasamalira okalamba ku Manchester kapena kukagwira ntchito ku Johannesburg, dziwani kuti amene mukukamulandira ntchitoyo wachezera usiku wonse, ndipo mphindi 10 zanu zikuchoka pa tulo take.

Zosasunthazi mukaziwerenga bwino mupeza kuti n'zochepa, pa tsiku mwina zitatu kapena zinayi. Zotsala zonse, kuwerenga, kuchapa, kuthamanga kolimbitsa thupi, kuwerengetsera ndalama za geni, kuphunzira kusoka kapena kompyuta, kuimbira foni amayi kumudzi, zimafuna kuchitika ndithu, koma sizifunsa kuti ndi ola lanji. Masamu a 4 koloko m'mawa ndi masamu a 3 koloko masana ndi amodzimodzi. Ndandanda yothina imapweteka apa. Munthu akadzuka 5 koloko m'malo mwa 4, amaona ngati tsiku lonse lawonongeka, ndiye masamu aja sawakhudzanso. Mawa lake manyazi amugwira, mkuja wasiyiratu. Ola limodzi lokha limene lidamudutsa lagwetsa chizolowezi chonse.

Zimenezi akatswiri adaziyesapo. Ku America, gulu la ofufuza, mwa iwo John Beshears wa ku Harvard ndi Katherine Milkman wa ku Pennsylvania, lidatenga antchito 2,508 a kampani ya Google amene ankafuna kuzolowera kupita kumalo olimbitsirako thupi. Aliyense adasankha maola awiri pa tsiku amene ankaona kuti ndi omuyenera. Kwa masabata anayi, ena ankalandira kandalama pokhapokha akapita m'maola amene adasankhawo, ena ankalandira akapita nthawi ina iliyonse. Ofufuzawo ankayembekezera kuti a nthawi yokhazikika ndiwo adzagwire chizolowezi cholimba. Sizidatero. Omasuka aja adapita kochuluka, ndipo malipiro atatha adapitirizabe kuposa anzawo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wa nthawi yokhazikika ola lake likamudutsa ankangoti lero basi, pamene mnzake adali ataphunzira kuti m'mawa zikakanika, masana alipo, madzulonso alipo.

Ku London nako, Phillippa Lally ndi anzake adatsatira anthu 96 kwa masabata 12, aliyense akuyesa kuzolowera kanthu kamodzi kakang'ono tsiku ndi tsiku, monga kudya chipatso pa chakudya cha masana kapena kuyenda pang'ono akadya cham'mawa. Zotsatira zake, zimene zidatuluka mu 2009, zidaonetsa kuti chinthu chimatenga nthawi kuti chilowe m'magazi: wapakatikati ankafuna masiku 66, wachangu 18, ndipo wina akadafuna mpaka 254. Koma chimene ndikufuna musunge n'chakuti kuphonya tsiku limodzi sikudabweze munthu m'mbuyo kwenikweni. Chimene chimapha chizolowezi ndi mawu amene mumadziuza pa tsiku lophonyalo. Onaninso kuti anthuwa kanthu kawoko adakamangirira ku chinthu chimene chimachitika kale tsiku lililonse, monga kudya. Nsima ikachedwa, chipatso chimachedwa nayo limodzi, koma chimadyedwabe.

M'dzinja, mbewu zili m'munda, mbuzi timaimanga. Timakhoma chikhomo pansi molimba n'kuipatsa chingwe chotalika bwino. Chingwe chikafupika, imamaliza udzu wapafupi, imalira, imadzikola, mwina n'kudzipweteka khosi. Chikhomo chikakhala cholobodoka, imachizula n'kukalowa m'munda wa eni, madzulo muli pamlandu kwa amfumu. Tsiku lanu limafuna zonse ziwiri. Chikhomo ndi zija zosasuntha, kuphatikizapo nthawi yodzuka ndi yogona. Chingwe ndi mpata umene mumapatsa ntchito zinazo kuti zipeze malo ake dzuwa lisanalowe.

Abale athu Achisilamu amapemphera kasanu pa tsiku chaka chonse, ndipo wokhulupirika saphonya. Koma nthawi zake zimatsata dzuwa. Kuno kwathu mu Novembala dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko, mu Julayi limatuluka 6 koloko itadutsa pang'ono, choncho kuitana kwa kumzikiti kwa m'bandakucha kumasuntha pafupifupi ola lathunthu pa chaka. Pemphero lililonse lili ndi chigawo chake cha tsiku, si mphindi imodzi yokha ayi, ndipo wapaulendo amaloledwa kufupikitsa ena mwa mapempherowo. Chizolowezi chimenechi chakhala zaka pafupifupi 1,400, pakati pa amalonda, alimi ndi oyenda m'chipululu, ndipo ine ndimaona kuti mpata umenewo uli m'gulu la zimene zachisunga.

Asodzi a usipa ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay nawo ali ndi kalendala yawo yolembedwa kumwamba. Ukonde wa chilimira amauponya usiku, siginala ali m'bwato lake ndi nyali zokopera nsomba. Mwezi ukawala kwambiri nyali sizikopa kanthu, ndiye amenewo ndi masiku osoka maukonde, omata mabwato, okaona abale kumtunda. Mwera ukakuntha, m'miyezi yozizira ija, wanzeru sakankhira bwato pamadzi ngakhale pakhomo ufa utatha. Amene adaumirira kuti lero ndi tsiku langa lolowa panyanja, ena mwa iwo sadabwereko. Koma mdima ukabwerera, nyanja itadekha, palibe amachedwa padoko, chifukwa bwato silinyamuka ndi anthu operewera ndipo wochedwa amadyetsa njala anzake onse.

Inu a m'tauni muli ndi mwera wanu, kuzima kwa magetsi. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kwa nthawi yoposa chaka magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku. Nthawi imeneyo ndidaonerera mnyamata wina wowotcherera zitsulo m'dera lathu. Ntchito yake adaigawa pawiri, yofuna magetsi ndi yosafuna magetsi. Magetsi kulibe, ankayeza, kudula ndi sowo yamanja, kupala dzimbiri, kupenta mafelemu amene adatha kale, kukagula zitsulo ndi kukatolera ngongole. Zidutswa ankaziyala pansi m'dongosolo lake, zoyamba kuwotcherera zili pafupi ndi makina, choko chitalemba pachidutswa chilichonse kuti ndi cha zenera la yani. Pogona, babu la m'chipinda ankalisiya chiyatsire kuti limudzutse. Likangoyaka, kaya ndi 11 koloko usiku, tinkaona moto wabuluu uja ukuthetheka kuseri kwa mpanda. Anzake amene ankatsegula 7:30 n'kutseka 5 koloko monga mwa masiku onse ankatha tsiku pabenchi, akusewera bawo ndi kudandaula. Mnyamatayu sadali wopanda ndandanda. Yake idali yolimba kuposa ya anzakewo, kungoti idamangidwa pa ntchito yoti ithe.

Wophunzira achite chimodzimodzi. Dziwani za kuwerenga zimene zimafuna kuwala, tebulo kapena intaneti, ndi zimene mungachite muli pamzere wa chigayo kapena m'minibasi, monga kubwereza zimene mudaloweza kapena kufunsana mafunso ndi mnzanu. Nthawi yabwino ikapezeka, musaiwonongere pa zimene zikadachitikira pamzere.

Tsopano za maliro, poti ndiwo amasokoneza mapulani athu kuposa china chilichonse. Masamba akaikidwa pamsewu, zonse zimaima. Ena mwa inu amene mwawerenga mabuku a kunja a kasamalidwe ka nthawi mwayamba kuona zovuta za pamudzi ngati chokutayitsani nthawi, ndipo mumatumiza chipepeso pafoni muli pamtunda woyenda pansi. Zimenezo zimandiwawa. Maliro n'kulirana. Pitani, kagoneni pasiwa, katungeni madzi, kawazeni nkhuni, ndipo musakakhale mukuyang'ana wotchi. Koma dziwani izi: chizolowezi cha ambiri sichifera pa tsiku la maliro. Chimafera pa Lolemba lotsatira, pamene palibenso chowaletsa koma sadabwerere. Choncho mukamachoka kumanda, dziuzeni mumtima tsiku limene mudzayambirenso ndi ntchito imene mudzayambire. Ndipo pokonza sabata, siyani masana amodzi kapena awiri osaikapo kanthu. Sadzakhala opanda ntchito. Wodwala woti mukamuone, mlendo, mzere wa kubanki kapena wa mafuta, zidzawadya ndithu, ndipo zikawadya, ntchito zanu zina zidzapulumuka.

Polemba ndandanda, lembani ntchito musanalembe ola. M'malo moti masamu kuyambira 4 koloko mpaka 5:30, lembani kuti mafunso 10 a masamu lero. Kenako muwapatse nthawi yoyamba, yomwe mumaikonda, ndi yachiwiri yothawirako yoyambayo ikakanika. Nthawi yoyambayo muigwiritse ndithu, makamaka chizolowezi chikadali chanthete, chifukwa chinthu chochitika pamalo amodzi ndi nthawi yofanana chimalowa m'magazi msanga. Yachiwiriyo ndi ya tsiku lovuta. Ndipo lilipo tsiku lovutitsitsa limene zonse ziwiri zimakanika. Limenelo chitani kochepa: mafunso awiri, tsamba limodzi, mphindi zisanu. Pang'onopang'ono ndi mtolo, komanso munthu amene wachita mafunso awiri amagona akudziwa kuti akadali wophunzira, ndipo mawa savutika kutsegula buku. Ntchito yolemetsa muziika m'mawa ngati n'kotheka. Tsiku limadyedwa kuchokera kumadzulo, alendo ndi zotumidwa zimachuluka dzuwa likapendeka, ndipo si pachabe kuti m'nyengo yotentha alimi amalawira m'bandakucha n'kuweruka dzuwa lisanafike paliwombo.

Mungafunse kuti mudzadziwa bwanji ngati mukusuntha ntchito mwanzeru kapena mukungozengereza. Mverani mawu anu omwe. Wosuntha mwanzeru amatchula nthawi yatsopano: ndichita ndikangodya nsima ya masana. Wozengereza amati ndichita nthawi ina. Ntchito imodzi ikasuntha masiku atatu otsatizana, vuto silili pa nthawi. Mwina mukuiopa chifukwa simukuimvetsa, ndiye kafunseni amene akuidziwa. Mwina ndi yaikulu kwambiri, ndiye iduleni. Mwinanso simukuifuna n'komwe, mudangoilemba poona anzanu, ndiye ichotseni ndi mtima woyera m'malo moti izikulondani ngati ngongole.

Chinthu chimodzi chimene ndingachiikire malire a wotchi enieni, osanyengerera, ndi foni. Ntchito zina zonse zimatha: munda umapaliridwa, zovala zimachapidwa, chaputala chimafika kumapeto. WhatsApp, TikTok ndi Facebook sizitha, ndipo adazipanga dala kuti zisamathe. Chinthu chopanda mapeto mukachipatsa ufulu chimameza mipata yonse ija mudasiyira ntchito zina. Chipatseni ola lake, likatha muike foni kutali ndi mphasa. Ndikunena izi makamaka chifukwa cha tulo. Mnyamata amene wagona pakati pa usiku chifukwa cha bandulo yotchipa, n'kufuna kudzuka 4 koloko, akulimbana ndi thupi lake, ndipo thupi lidzapambana. A msinkhu wa kusekondale amafuna maola 8 a tulo kapena kuposerapo. Zoviika miyendo m'beseni la madzi ozizira kuti musagone zimasunga maso otsegula, koma mutu umakhala utatseka kale, ndipo zimene mwawerenga usiku umenewo sizikhala.

Anthu sitifanana, ndipo izi ndikuzidziwa. Alipo amene amapeza mtendere belu likamawauza chochita. Ngati ndinu wotero, sungani maola anu, palibe cholakwa. Koma dzifunseni ngati chizolowezicho chili mwa inu kapena chili m'belumo. Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ana ambiri a sukulu zogonera komweko, amene ankadzuka ndi belu, kudya ndi belu, kuwerenga ndi belu, adafika kunyumba n'kukhala miyezi osatsegula buku. Sadali ana oipa. Kungoti palibe adawaphunzitsa kudziyambitsa okha. Tsiku lidzafika limene simudzakhalanso ndi mphunzitsi kapena kapitawo pamsana panu, makamaka inu amene mudzadzilembe nokha ntchito, ndipo ambiri mudzatero. Yambani lero kuphunzira kugwira ntchito popanda wokuimbirani belu.

Mabuku a malangizo amakonda kutchula Immanuel Kant, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Königsberg amene adamwalira mu 1804. Anthu amasimba kuti anansi ake ankakonza mawotchi awo pomuona akudutsa pa ulendo wake wowongola miyendo, poti sankaphonya nthawi. Chimene satchula kawirikawiri n'chakuti bamboyu sadakwatire, adalibe mwana womulirira usiku, ndipo adali ndi wantchito, Martin Lampe, amene kwa zaka pafupifupi 40 ankamudzutsa m'mawa uliwonse 5 koloko ili pafupi. Sindikumuchepetsa, ntchito imene adasiya ndi yaikulu. Koma munthu amene tsiku lake silisuntha amakhala ndi wina kumbuyo amene akusuntha m'malo mwake.

Apa ndikulankhula ndi inu anyamata. Mukakhala patebulo m'mawa buku lili patsogolo, ndani amene akusesa pabwalo? Ndani ali pamzere kumjigo ndi ndowa, ndani akukoleza moto kuti mupeze madzi osamba ndi phala? Kawirikawiri ndi mlongo wanu, amene naye ali Fomu 4 ngati inu. Iye nthawi yake imabwera m'tizidutswa, mphindi zochepa mphika uli pamoto, zochepa mwana wa achemwali atagona, ndipo akalakwa mayeso pamudzi amati mutu wake ndi wouma. Inu asungwana, musadziyerekeze ndi mlongo wanu n'kudziona olephera. Tizidutswa timeneto tigwiritseni ntchito, kabuku kazikhala pafupi ndi mafuwa, komanso musaope kupempha makolo mwaulemu kuti pa tsiku pakhale ola limodzi limene simutumidwa. Ndipo inu anyamata, musadikire kuti achite kupempha. Mayeso ake ndi anu adzayamba ola limodzi, m'chipinda chimodzi, ndi mafunso omwewo. Gawanani masiku a kumjigo ndi a nkhuni, iye Lolemba inu Lachiwiri, ndipo nkhaniyi mukaikambe ndi amayi ndi abambo sabata ino, teremu isanapite patali.